Mwaonera filimu, ndiye mutiuza zotani? Momwe ndimalembera maganizo anga

Mlamu wanga ali ndi mawu awiri okha onenera filimu iliyonse imene waonera. Ikamusangalatsa amati "ndi yabho," ikamutopetsa amati "ndi yoboowa." Ukamufunsa kuti yabho bwanji, amakweza mapewa n'kunena kuti, "Ingoonerani nokha alamu, muona." Ndinkamuseka nazo kwa zaka ndithu, mpaka tsiku lina ndinapeza kope langa lakale momwe ndinkalemba mafilimu amene ndaonera. Pa tsamba lina ndinali nditalemba kuti, "Filimu yogwira mtima kwambiri, ochita sewero anayesetsa, nkhani yake ndi yophunzitsa." Ndinawerenga kawiri, osakumbuka n'komwe kuti filimuyo inali ya chiyani. Mawu amenewo mungawamate pa filimu ya nkhondo, ya chikondi, ngakhale ya katuni, ndipo angakwane bwinobwino. Ndinaona kuti ine ndi mlamu wanga tinkanena chinthu chimodzi, kungoti ine ndinkawononga inki yambiri.

Kuyambira pamenepo ndinasintha kalembedwe. Zimene ndikulemba pano ndi njira imene ndimatsata ndikafuna kuuza anthu maganizo anga pa filimu kapena sewero la pa TV limene ndangoonera kumene. Mfundo yake yaikulu ndi imodzi: ngati simungaloze malo amodzi m'filimumo n'kunena zimene anakuchitani, ndiye kuti simunayambe kupereka maganizo.

Ntchito imayamba filimu isanayambe

Foni ndimaisiya kuchipinda china. Ndikudziwa kuti izi zikumveka ngati malangizo a agogo, koma ndinayesapo kuonera filimu foni ili pambali, kenako n'kulemba kuti "nkhani yake ndi yosokonekera, sizikudziwika kuti mnyamata uja anakwiyiranji." Nditaibwereza ndinapeza kuti chifukwa chake anachionetsa bwinobwino, m'masekondi makumi awiri amene ine ndinali kuyankha uthenga pa WhatsApp. Wosokonekera ndinali ine. Ngati mukuonera pa foni yomweyo, zimitsani mauthenga kaye.

Pamwamba pa tsamba ndimalemba zinthu zinayi: tsiku, chimene ndaonerapo, amene ndinali nawo, ndi chilankhulo. Zikuoneka zazing'ono koma zimasintha zambiri. Filimu yoseketsa ukamaonera ndi anthu asanu imakoma kuposa ukakhala wekha usiku, chifukwa kuseka n'kopatsirana. Filimu imene anaijambula kuti ionetsedwe pa chinsalu chachikulu cha muholo imafota pa kagalasi ka foni, makamaka zithunzi za usiku. Amene anatsatira sewero la pa TV la Game of Thrones akukumbukira zimene zinachitika mu 2019, pa gawo lachitatu la sizoni yomaliza, pomwe panali nkhondo yaikulu ya usiku. Anthu ambirimbiri anadandaula kuti sankaona kanthu, kunali bii, ndipo amene anajambula gawolo anayankha kuti vuto lalikulu linali momwe anthu anatcherera ma TV awo ndi momwe zithunzi zimafinyikira zikamadutsa pa intaneti. Kaya mukugwirizana naye kapena ayi, nkhaniyo ikusonyeza kuti anthu awiri angaonere gawo limodzi koma osaona zofanana. Ndiye mukamadandaula kuti filimu ndi yamdima, nenaninso kuti munaionera pa chiyani, masana kapena usiku.

Za chilankhulo nazo n'chimodzimodzi. Ngati munaonera filimu ya ku Korea kapena ya ku India imene anaikamo mawu a anthu ena m'malo mwa mawu a eni ake, samalani poweruza ochita sewero, chifukwa theka la luso lawo lili m'mawu ndipo inu simunawamve. Ine ndimakonda kumva mawu a eni ake n'kumawerenga kumasulira kolembedwa m'munsi, ngakhale kuti maso amatopa. Koma ndimalemba kuti ndinaonera motero.

Filimu ili mkati sindilemba zambiri. Ndimangolemba mphindi ndi mawu awiri kapena atatu, osayang'ana n'komwe papepala: "12, ndaseka." "47, mapini m'kamwa." "70, ndayang'ana wotchi." Chomaliza ichi n'chofunika kwambiri. Nthawi iliyonse imene ndagwira rimoti kuti ndione kuti kwatsala mphindi zingati, ndimalemba, chifukwa pamenepo ndi pamene filimu yandithawa m'manja. Ikatha, timawu timeneti ndi timene timandiuza zoona. Mtima umanama filimu ikangotha, makamaka ngati nyimbo yomaliza inali yokoma.

N'chifukwa chake sindilemba usiku womwewo. Ndimagona nazo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa mafilimu mawuwa ndawaona akukwanira. Pali mafilimu amene umadzuka pampando uli wosangalala, koma m'mawa mwake sukumbuka ngakhale dzina la mwini filimu. Pali ena amene umazimitsa TV uli wokwiya, koma umapezeka ukuwaganizira pamene ukutsuka mano, pamene ukuvala nsapato, mpaka masana. Chimene chatsala m'mutu m'mawa ndi chimene ndimayambira kulemba.

Lozani malo amodzi

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndiye ndikhalitsapo.

Sabata yatha ndinaonera filimu ina, dzina ndilibisa kuti ndisakuwonongereni. Ndi nkhani ya telala wokalamba amene mwana wake wamwamuna wabwerera kunyumba atakhala kundende zaka zingapo. Kale ndikanalemba kuti "ubale wa bambo ndi mwana unaonetsedwa mwaluso." Tsopano ndimapita pa mphindi 47 paja. Mwanayo waitanidwa kukayesedwa ntchito mawa lake, ndipo alibe buluku labwino. Bambo akum'bwereka lawo, koma ndi lalitali. Mwana waimirira pa kampando, bambo agwada pansi akupinda miyendo ya bulukulo, mapini anayi ali m'kamwa monga amachitira matelala. Ndiye mwana akufunsa, akuyang'ana kukhoma osati kwa bambo ake: bwanji simunabwere kudzandiona ngakhale kamodzi? Bambo sangayankhe, m'kamwa muli mapini. Akuchotsa pini imodzi n'kuibaya pansalu. Akuchotsa yachiwiri. Kamera sikusuntha, ili pa manja awo basi, ndipo palibe nyimbo. Ife oonera tikuwerenga mapini aja, tikudziwa kuti ikachoka yachinayi sadzakhalanso ndi pobisala. Akuchotsa yachitatu, dzanja likunjenjemera pang'ono. Kenako akutambasula dzanja n'kutenga ena anayi m'kabokosi, n'kuwaika m'kamwa.

Pamenepo ndinaimitsa filimu n'kukhala chete. Ndikakufotokozerani motere, inu amene simunaionere mwadziwa kale zinthu zitatu: filimuyi imayenda pang'onopang'ono, imalankhula ndi zochita kuposa mawu, ndipo ngati muli ndi nkhani yosatha ndi bambo anu ikukhudzani. Mwadziwanso ngati si yanu. Munthu wokonda kuthamangitsana kwa magalimoto wamva kale kuti asataye nthawi yake. Mawu oti "yogwira mtima" sakanamuuza chilichonse cha izi.

Pofotokoza malo oterewa ndimadzifunsa mafunso atatu, motsatana. Ndinaona chiyani? Ndinamva chiyani ndi makutu? Zinandichita chiyani? Anthu ambiri timathamangira funso lachitatu n'kusiya awiri oyambawo, pomwe awiriwo ndi amene amapatsa wowerenga chogwira. "Ndinalira" ndi nkhani ya ine. "Kamera inakhala pa manja ake mphindi yathunthu popanda nyimbo, ndipo ndinalira" ndi nkhani ya filimu.

Mukazolowera kufunsa motere mumayamba kuona kuti chimene chakukhudzani chachokera kwa ndani. Filimu imapangidwa ndi anthu ambiri, koma ife timakonda kutamanda kapena kunyoza nkhope imene tikuiona. Mapini aja anaganiza ndi wolemba nkhani kapena dayilekitala. Kunjenjemera kwa dzanja ndi kwa wochita sewero. Kusasuntha kwa kamera ndi kwa dayilekitala ndi wojambula. Kusadula chithunzicho msanga ndi kwa munthu amene amalumikiza zidutswa za filimu ikajambulidwa, amene ambiri sitimuganizira n'komwe. Zaka pafupifupi 100 zapitazo, wopanga mafilimu wa ku Russia, Lev Kuleshov, anaonetsa kuti nkhope imodzimodzi ya munthu, yosasintha, anthu amaiona ngati yachisoni kapena yolakalaka china chake malinga ndi chithunzi chimene chaikidwa pafupi nayo. Ndiye nthawi zina tikamati "mayi uja amatha kusewera," mbali ina ya ulemuwo ndi ya wolumikiza zithunzi. Ndipo tikamati "mnyamata uja satha," mwina anangopatsidwa mawu opusa oti anene, amene ngakhale katswiri sakanawapulumutsa. Musanamunyoze, yesani kunena nokha mawu akewo mokweza. Ngati akukanika m'kamwa mwanu, wolakwa ndi wolemba.

Makutu nawo musawaiwale. Mu filimu ya Jaws ya Steven Spielberg, ya 1975, shaki (nsomba yolusa ya m'nyanja) yochita kupanga imene ankagwiritsa ntchito inkawonongeka kawirikawiri pojambula, moti kwa nthawi yaitali ya filimuyo chilombocho sichioneka. Chimene chimaopseza anthu ndi kanyimbo ka John Williams ka manotsi awiri obwerezabwereza. Ngati filimu yoopsa yakuchititsani mantha, bwererani pamalopo muchepetse voliyumu mpaka ziii, muonerenso. Kawirikawiri mupeza kuti mantha onse anali m'makutu. Zimenezo n'zoyenera kulemba.

Malo amodzi abwino, ndipo ngati alipo, malo amodzi oipa. Ofooka nawo alozeni chimodzimodzi. M'filimu ya telala ija, pa mphindi 70 pamene ndinayang'ana wotchi, panabwera mnansi wina amene anakhala pansi n'kufotokozera mwana uja zonse zimene bambo ake ankamva mumtima zaka zonsezo. Zimene mapini anali atanena kale mwakachetechete, mnansiyu anadzazinenanso ndi pakamwa kwa mphindi zisanu, ngati kuti opanga filimu anachita mantha kuti sitinamve. Ndinalemba choncho, ndipo ndi chidandaulo chomveka kuposa kungoti "pakati inatopetsa."

Inkafuna kuchita chiyani?

Musanaweruze, dzifunseni kuti filimuyi inkafuna kukuchitani chiyani. Yoseketsa imayesedwa ndi kuseka, yoopsa ndi mantha, ya ana ndi nkhope za ana amene akuonera. Kudandaula kuti filimu ya zibakera ilibe nzeru zakuya kuli ngati kukwiyira njinga kuti siuluka. Roger Ebert, amene analemba ndemanga za mafilimu mu nyuzipepala ya Chicago Sun-Times kuyambira 1967 mpaka imfa yake mu 2013, ndipo mu 1975 anakhala wolemba za mafilimu woyamba kulandira mphoto ya Pulitzer, ankafotokoza kuti nyenyezi zimene ankapereka ngati malikisi a filimu zimayerekeza filimu ndi inzake ya mtundu womwewo, osati ndi mafilimu onse a padziko. Ine ndinatengera zomwezo.

Palinso kusiyana pakati pa "sindinaikonde" ndi "ndi yoipa." Ine mafilimu oimba, aja anthu amangoyamba kuimba ndi kuvina pakati pa msewu nkhani ili mkati, sandilowa. Ndayesa, zakanika. Ndiye ndikaonera yotere ndimanena poyamba pomwe kuti mtundu uwu si wanga, kuti wowerenga adziwe kuti sikelo yanga ndi yopendekeka. Kubisa zimenezi n'kumalankhula ngati woweruza milandu ndi chinyengo. Mbali inayo iliponso: pali mafilimu amene ndikudziwa kuti ndi osalongosoka, nkhani yake yodzaza mabowo, koma ndawaonera kanayi ndipo ndidzawaoneranso. Amenewo ndimalemba kuti ndimawakonda, n'kuvomera kuti ndi osalongosoka. Palibe chochititsa manyazi.

Za kuulula mathero

Apa ndili ndi mlandu. Zaka zingapo zapitazo mchemwali wanga wamkulu ankatsatira sewero lina la apolisi ofufuza za kuphedwa kwa munthu, ndipo anali pa gawo lachisanu ndi chimodzi mwa magawo khumi. Ine ndinali nditamaliza. Sindinawauze wakupha, ayi, ndinkadziona wochenjera. Ndinangoti, "Achemwali, dokotala uja muzimuyang'anitsitsa." Anaika kapu pansi n'kundiyang'ana. "Iwe, wandiuza." Ndinakana, ndinalumbira, koma zoona zake n'zoti ndinawauza. Magawo anayi otsalawo anaonera akudziwa, ndipo mpaka lero akayamba sewero latsopano amandiuza kuti, "Usatsegule pakamwa mpaka ndimalize."

Ndinaphunzirapo kuti kuulula kuli mitundu iwiri. Kwina ndi kwa poyera, kunena kuti wakutiwakuti amwalira. Kumeneko aliyense amadziwa kupewa. Koopsa ndi kozembera: "musamukonde kwambiri mtsikana uja," "mathero ake simungawaganizire," "dikirani mufike gawo lachisanu ndi chitatu." Ngakhale kungonena kuti kumapeto zinthu zitembenuka ndi kuulula, chifukwa munthu amaonera filimu yonse akusakasaka potembenukirapo m'malo motsatira nkhani.

Nkhawa imeneyi si ya lero. Mu 1960, Alfred Hitchcock potulutsa Psycho analamula kuti m'maholo oonetsera asalole munthu kulowa filimu itayamba, ndipo anapempha oonera kuti asauze anzawo mathero. Komabe ofufuza awiri a pa yunivesite ya California ku San Diego anatulutsa zotsatira mu 2011 zosonyeza kuti anthu amene anauzidwiratu mathero a nkhani zifupizifupi zolembedwa anasangalala nazo mofanana kapena kuposa amene sanauzidwe. Ndinayesa kuwauza achemwali za kafukufukuyu. Anandiyankha kuti ofufuzawo akaonere okha. Ndipo ndikugwirizana nawo achemwaliwo, chifukwa kuonera koyamba kumachitika kamodzi, ndipo mwini wake ndiye ayenera kusankha ngati akufuna kudziwiratu.

Lamulo langa ndi ili. Ndimafotokoza momasuka zimene zikuchitika m'chigawo choyamba mwa zinayi za filimu, pomwe tikudziwana ndi anthu ake ndi vuto lawo. Malo amodzi aja amene ndimaloza ndimasankha amene sakuulula kumene nkhani ikupita. Taonani kuti pa telala uja sindinakuuzeni ngati anadzayankha funso la mwana wake, kapena ngati mwanayo anapeza ntchito. Ngati zimene ndikufuna kunena zili m'mathero enieni, ndimalemba chenjezo lomveka, kusiya mpata, kenako n'kulankhula momasuka kwa amene anaonera kale. Ndipo musadalire treila, kafilimu kakafupi kotsatsa filimu, kuti ikuuzeni malire. Matreila ena amaulula filimu yonse m'mphindi ziwiri, ena ndi chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, amasonkhanitsa nthabwala zonse zitatu zimene zili m'filimu ya maola awiri. Mukapeza zotere, chenjezani anzanu, imeneyo ndi ntchito yabwino.

Masewero a magawo ambiri

Awa ali ndi msampha wawo. Choyamba, nenani pamene mwafika. "Ndaonera magawo atatu mwa khumi" ndi chiganizo chimene chiyenera kukhala pamwamba. Ine sindilemba kanthu ndisanaonere magawo atatu, chifukwa gawo loyamba limakhala lotanganidwa kutidziwitsa anthu, ndipo nthawi zambiri ndi limene amalikongoletsa kwambiri kuti atikole. Lachitatu ndi limene limaonetsa mayendedwe enieni a sewerolo. Likandikanika pamenepo ndimalisiya, n'kulemba kuti ndalisiya pati ndipo chifukwa chiyani. Amene amati "limayamba kukoma pa sizoni yachitatu" akundipempha maola makumi awiri a moyo wanga ngati chikole, ndipo ndilibe.

Chachiwiri, kulephera kuzimitsa sikutanthauza kuti sewero ndi labwino. Kuyambira pamene Netflix inatulutsa magawo onse 13 a sizoni yoyamba ya House of Cards tsiku limodzi mu 2013, tinazolowera kumeza sizoni yathunthu kumapeto kwa sabata imodzi. Gawo limatha pokusiyani m'malere, lotsatira limayamba lokha musanapeze rimoti, ndipo mukazindikira kunja kwayera. M'mawa mumauza anthu kuti ndi lamphamvu chifukwa simunagone. Ine ndimadziyesa motere: kodi ndingasiyanitse gawo lachinayi ndi lachisanu? Ngati onse asanduka phala limodzi m'mutu, ndipo ndikungokumbukira mphindi ziwiri zomaliza za gawo lililonse, ndiye kuti sewerolo limadziwa kukoka koma lilibe zambiri zonena. Ndimalemba zomwezo, kuti ndinalimaliza usiku umodzi ndipo sindikukumbukamo munthu ndi mmodzi yemwe.

Chachitatu, mathero akhoza kusintha maganizo anu pa zonse, ndipo n'zololedwa kubwerera n'kulemba kachiwiri. Game of Thrones ija inayenda kuyambira 2011 mpaka 2019, magawo 73, ndipo sizoni yomaliza inakwiyitsa anthu mpaka oposa 1 miliyoni anasaina pempho la pa intaneti loti ijambulidwenso. Amene anaitamanda mu 2014 sananame, ndipo amene anakhumudwa mu 2019 sananamenso. N'chifukwa chake tsiku lija ndimalilemba pamwamba. Maganizo akale sindiwafufuta, ndimangowonjezera pansi pake.

Nyenyezi ndi manambala

Pa izi sindichedwapo, chifukwa ndimaziona ngati chivindikiro chabe. Koma dziwani zimene manambala amene mumawaona pa masamba a pa intaneti oweruza mafilimu amatanthauza. Pa IMDb anthu wamba amapereka kuyambira 1 mpaka 10. Pa Letterboxd, imene inayamba mu 2011, amapereka nyenyezi mpaka zisanu, ndipo theka limaloledwa. Nambala ya Rotten Tomatoes ndi imene imasokoneza ambiri. Mukaona 90% sizikutanthauza kuti filimuyo yakhoza 90 pa 100. Zikutanthauza kuti mwa olemba ndemanga 100 alionse, 90 anaiona kuti ndi yabwinoko kusiyana ndi yoipa. Filimu imene aliyense akuti "ilibe vuto" ikhoza kupeza nambala yapamwamba kuposa imene theka la anthu likuikonda ndi mtima wonse pomwe theka lina likudana nayo, chikhalirecho yachiwiriyo ndi imene mwina simudzaiiwala. Netflix nayo inasiya nyenyezi zisanu mu 2017 n'kuika chala choloza m'mwamba kapena pansi.

Chachikulu n'choti musayang'ane manambalawa, kapena kuwerenga ndemanga za ena, musanalembe zanu. Ndikawerenga kaye za ena, mawu awo amandilowa ndipo ndimapezeka ndikutamanda zinthu zimene sindinazione ndi maso anga. Ndimayamba ndalemba, kenako n'kuona ena. Ndikapeza kuti dziko lonse likuikonda ine ndekha ndikuikana, sindisintha. Ndimangobwerera ku timawu tanga tija n'kuona ngati ndili ndi malo oloza. Ngati alipo, ndimaima pomwepo.

Sikelo yanga ine ili ndi makwerero atatu okha: ndidzaioneranso, kamodzi kakwana, bwezani maola anga.

Kulemba kwenikweni

Sikufuna masamba. Ndime ziwiri kapena zitatu zimakwana, bola zikhale ndi nyama. Chiganizo choyamba chinene maganizo anu mosazungulira, chifukwa ambiri sawerenga kupitirira pamenepo. Musayambe ndi kufotokoza nkhani yonse kuchokera pachiyambi, limenelo ndi vuto la ambiri: ndime zisanu za "kenako anapita, kenako anabwera," n'kumaliza ndi mzere umodzi woti "ndi yabwino, ioneni." Nkhani ifotokozeni m'ziganizo ziwiri. Malo otsalawo apatseni zimene munaona. Pomaliza nenani munthu amene mungamutumizire filimuyo, ndi amene mungamuletse. Ine ndimaganizira munthu weniweni, mlamu wanga kapena achemwali, chifukwa ukamalembera "anthu onse" mawu amauma.

Mawu ena ndinawaletsa m'kope langa: "yogwira mtima," "yophunzitsa," "yapamwamba," "anayesetsa." Ndikaona limodzi latuluka, ndimalidula n'kudzifunsa kuti pa mphindi iti. Za telala uja ndinalemba motere:

"Ndidzaioneranso, koma osati posachedwa. Telala wokalamba walandira mwana wake wochokera kundende, ndipo awiriwa akukhala nyumba imodzi osadziwa poyambira kulankhula. Pali malo ena pamene bambo akupinda buluku la mwana wawo mapini ali m'kamwa, mwana n'kufunsa funso limene lakhala likudikira zaka, ndipo kwa mphindi yathunthu timangoona manja. Sindinapume. Pakati pali mnansi wolongolola amene akutifotokozera zimene taona kale, ndikanakonda akanamudula. Ndinaonera pa TV, usiku, ndekha, m'chilankhulo cha eni ake. Ngati mumafuna filimu yothamanga, iyi ikupwetekani mutu. Ngati pali munthu kwanu amene simunalankhulane naye bwino kwa nthawi yaitali, ioneni muli nokha."

Ndinamutumizira mlamu wanga, ngakhale ndinkadziwa kuti ndi mmodzi mwa amene ndawachenjeza. Patapita masiku awiri anandiimbira.

"Alamu, filimu yanu ija ndi yoboowa."

"Pati pamene inakuboowani?"

Anakhala chete pang'ono. Ndinkayembekeza kuti atchula mnansi uja.

"Pa mapini pomwepo," anatero. "Munthu wamkulu, mwana wako wakufunsa funso, iwe n'kumadya mapini? Ine ndinakwiya, ndinazimitsa. Kenako ndinayatsanso kuti ndione ngati ayankhe."

"Ndiye munaimaliza?"

"Ndinaimaliza. Koma lembani m'kope mwanumo kuti bambo aja ndi amantha, ndipo filimuyo ikuwaikira kumbuyo."

Ndinalemba, pansi pa zanga, ndi tsiku lake.